Chinangwa Kuseri kwa Makina Ochapira

Pali chinthu chimene sindinauzepo amayi anga, ndipo ndikuchilemba pano chifukwa iwo sawerenga buku lina kupatula Baibulo ndi la nyimbo. Khisimisi imene ndinadyera kunja, kutali ndi mwana wanga, imene kwathu ku Kande mpaka lero amaitchula motsitsa mawu ngati akunena za maliro, ndi Khisimisi imene inandikomera kuposa zonse. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinavina. Koma nditabwerako n'kumva kuti amayi anakandipemphereretsa kwa azimayi anzawo a ku tchalitchi, kuti Mulungu alimbitse mtima mwana wawo amene akulira yekhayekha m'dziko la eni, ndinangozyolika n'kunena kuti, "Zinalidi zovuta, ama." Azimayi aja akandipeza pamjigo amandigwirabe paphewa. Ine n'kuusa moyo ngati munthu amene anaonadi zakuda.

Ndiyambe ndi mmene ndinapitira. Ndili ndi satifiketi ya zophika ndi kusamalira alendo, ndipo ndimagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja konkuno. Mwini lojiyo ali ndi mchemwali wake amene amayendetsa nyumba ya alendo kufupi ndi Cape Town. Kwathu Disembala ndi mvula, alendo amachepa. Kumeneko ndi nyengo yotentha, alendo amadzaza mpaka ena kubwezedwa pageti. Chaka chimenecho anapempha munthu mmodzi woti akathandize kukhitchini kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndipo chala chinaloza ine. Kwathu dziko lonse lija timangoti Joni, kaya munthu ali mzinda uti. Banja lililonse lili ndi wake amene anapita ku Joni. Koma kawirikawiri amene amapita ndi abambo, osati mayi wa kamwana.

Mwana wanga wamwamuna anali atangopitirira zaka ziwiri, nditangomusiyitsa kuyamwa. Bambo ake ndi msodzi wa usipa: usiku ali panyanja ndi nyali, masana ali m'tulo. Ndiye mwanayo anapita kwa amayi, kumene kumakhalanso mng'ono wanga. Ine ndine munthu wa nkhawa, ndivomere. Mwana akatsokomola kamodzi ndimakhala nditavala kale nsapato zopitira kuchipatala. Tsiku lonyamuka ndinawabwerezera amayi malangizo onse amene ndinali nditawauza kale dzulo lake: neti aziifunyira pansi pa matiresi, mango aziwatsuka, kumadzi asamapite ngakhale ali ndi munthu wamkulu, akatentha thupi asadikire kuche.

Amayi anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenaka anati, "Kodi iweyo anakulera ndani, ng'ona?"

Ndinakwera basi ndikulira. Misozi imeneyo sinali yabodza ayi.

Ntchito inali yabwino. Madamu, mwini nyumbayo, anali mzungu wachikulire woyenda mofulumira, magalasi ali pamutu uku akuwafunafuna m'madirowa. Anandipatsa kachipinda kanga kuseri, pafupi ndi chipinda chochapira. Lamulungu lililonse masana ndinkaimba foni ya vidiyo kwa mng'ono wanga. Kwathu netiweki imagwira bwino pansi pa mtengo wa mango wa kumsewu, ndiye banja lonse linkasamukira pamenepo ndi mphasa.

Masabata oyamba mwana ankati akandiona n'kulira, kumagwira galasi la foni ndi timanja tamafuta. Mtima unkandipweteka, komabe ndinkagona bwino, chifukwa wolira ndiye kuti akukudziwa. Kenaka anayamba kusuzumira kuseri kwa foni, kufunafuna kumene thupi langa lonse labisala. Atalephera kundipeza anangondisiya. Ndinkamuitana, iye ali kalikiliki ndi kagalimoto ka mawaya. Lamulungu lina mng'ono wanga anamukokera pafupi n'kumufunsa akundiloza, "Awa ndani?"

Mwana anandiyang'ana bwinobwino, n'kuyankha mosakayika, "Foni."

Onse pamphasa paja anafa nako kuseka. Inenso ndinaseka, poti ndikanatani? Kenaka kagalimoto kake kanakodwa muudzu, ndipo anatembenukira kwa mng'ono wanga n'kuitana, "Ama!"

Kuyambira tsiku limenelo mng'ono wanga, amene pakamwa pake sipatsekeka, ankayamba foni iliyonse ndi mawu akuti, "Bwera kuno iwe, udzapereke moni kwa a Foni." Sankafuna kundipweteka. Koma ine ndinayamba kupsereza anyezi kukhitchini, kuthira mchere kawiri, kumangoganiza chinthu chimodzi: ndikadzatsika minibasi pa Kande mu Januwale, mwana ameneyu adzandipatsa moni wa alendo.

Nzeru inandibwerera ndikusenda mbatata. Mwana wangayo pa nthawi imeneyo sankadya chinthu china koma kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Mpunga ankalavula, nsima ya chimanga ankaiyang'ana ngati mankhwala. Ndipo ngakhale kondowoleyo ankadya pokhapokha ndimuchitire boti. Ndinkaumba kambamu kakang'ono, kukaviika mumsuzi, kenaka n'kukayendetsa m'mwamba mokhotakhota ndikulira ngati injini: tu-tu-tu-tu, boti lachoka ku Usisya, ladutsa pa Chintheche, tu-tu-tu, lafika pa Kande, tsegulani doko! Iye n'kuyasamula kukamwa. Amayi ankati ndikumulera mopusa. Iwo ankangomuika mbamu m'manja, adye asadye zake. Choncho boti linali lathu awiri basi, panalibe wina analiyendetsapo.

Ndinaganiza kuti pa Khisimisi ndidzaimba foni nthawi ya chakudya, iye ndi mbale yake, ine ndi yanga, ndipo ndidzayendetsa boti. Akadzapanda kulikumbukira, basi, ndidzadziwa kuti ndine Foni.

Tsono muone kupusa kwake. Kwathu pa Khisimisi palibe amene amadya kondowole. Chaka chonse timadya ameneyo, ndiye tsikulo ndi la mpunga, nkhuku, mabanzi ndi zakumwa za m'botolo. Pakhomo pamene paphikidwa kondowole pa Khisimisi anthu amadutsa mwachisoni. Koma ku Joni mpunga ndi nkhuku ndinkadya tsiku ndi tsiku mpaka kundikola. Ine ndekha m'dziko lonse lija ndinali kufunafuna chakudya chimene kwathu akuchithawa.

Ndinapeza sitolo ya anthu a ku Congo pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ufa wa chinangwa anali nawo, woyera mbee, wa m'pepala. Ndinaununkhiza, sunanene kanthu. Kondowole weniweni amafuna chinangwa choviikidwa m'madzi mpaka chifewe, chiwawase pang'ono, kenaka chisinjidwe, chiyanikidwe. Mwana sakanamva fungo kudzera pa foni, ndikudziwa. Koma mtima wanga unkati ndikanamiza pa ufa ndiye kuti zonse ndi zonama. Ndinagula chinangwa chachiwisi, chonenepa bwino, n'kuchinyamula m'chikwama ngati ndaba.

Ndinachisenda, kuchiika m'ndowa ya pulasitiki, kuthira madzi, kuvundikira. Poyamba ndinaika ndowayo kuseri kwa kachipinda kanga, koma madzi a m'mipopi ya kumeneko ndi ozizira ngati achokera mufiriji, ndipo malowo sipankafika dzuwa. Patapita masiku chinangwa chinali gwa, ngati ndachiika dzulo. Khisimisi ikuyandikira. Ndiye ndinakumbukira kuti m'chipinda chochapira, kuseri kwa makina oumitsira zovala, pamakhala pofunda usana wonse. Ndinakankhira ndowa yanga pamenepo, n'kuika dengu la matawulo kutsogolo kwake. Sindinapemphe. Ndinachita manyazi: munthu wa satifiketi, wophunzitsidwa za ukhondo wa chakudya, kukafotokozera mzungu kuti ndikufuna kuoletsa chinangwa m'nyumba mwake.

Pamenepo chinagwira. Thovu linayamba kubwera pamwamba, ndikatsina chinangwa chinkabonyoka. Ndinkalowa m'chipindamo m'mawa uliwonse n'kumva mtima uli m'malo, osadziwa chifukwa chake.

Alendo a m'chipinda choyandikana ndi paipi yotulutsa mpweya wa makina aja ndi amene anayamba kudandaula. Anati m'chipinda mwawo mukumveka ngati mwafera chinthu. Madamu anatsitsa magalasi pamphuno n'kuyamba kuyenda nyumba yonse akununkhiza ngati galu wa alenje. Anasuntha mabedi, anatsegula denga kufuna khoswe wakufa. Anandiitana.

"Tanunkhiza apa. Ukumva?"

Ndinakoka mpweya ndi mtima wanga wonse. "Ine sindikumva kanthu, madamu."

Ndikulumbira, sindinaname. Inu amene simunakulire kunyanja kuno mwina simungamvetse. Kwa ife fungo la chinangwa choviika si fungo. Lili m'zitenje za amayi athu, lili m'njira yopita kudambo, lili m'manja mwa aliyense amene anatinyamulapo. Munthu samva fungo la m'nyumba mwake. Ndiye ineyo, mwini ndowa, ndinagwira botolo la mankhwala n'kumathira m'mapaipi onse a m'nyumbamo pamodzi ndi madamu, ndikuwamvera chisoni kuti mavuto otere awagwera nthawi ya alendo ambiri.

Kutatsala masiku awiri kuti Khisimisi ikwane, alendo aja ananena kuti fungo likapitirira achoka. Madamu anaimbira mapulambala onse amene ankawadziwa, onse ali patchuthi. Pomaliza anapezeka mmodzi amene anavomera kubwera.

Anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wovala ovolosi yabuluu, Chingerezi chake chosalala ngati wobadwira komweko. Ine ndinali m'chipinda chochapira ndikupinda nsalu za pabedi pamene madamu ankamulowetsa. Bamboyo anaponda pakhomo n'kuima. Anaika bokosi la zipangizo pansi. Anatsinzina, n'kukoka mpweya wautali, nkhope yake n'kumasuka ngati munthu amene wamva nyimbo ya ku Sande sukulu. Kenaka analankhula liwu limodzi, osati kwa madamu, osati kwa ine, koma kwa mpweya womwewo:

"Vigawu."

Ndilo dzina la chinangwa m'Chitonga. Nsalu inandipulumuka m'manja. Nthawi yomweyo mphuno zanga zinatseguka, ndipo ndinamva chimene nyumba yonse inakhala ikumva sabata yathunthu. Mayo ine!

Bamboyo sanafufuze n'komwe. Analunjika kuseri kwa makina, kusuntha dengu la matawulo, kuvundukula ndowa. Anatsina chinangwa chimodzi n'kugwedeza mutu movomereza. Atatero anandiyang'ana n'kundifunsa m'chinenero chathu kuti kwathu n'kuti.

"Ku Kande, ada," ndinayankha ndi mawu a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Ndinadziwa. Anthu a ku Kande mwafika nazo mpaka kuno? Ife a ku Usisya timayamba tapempha."

Madamu anali atatseka mphuno ndi thawulo. "N'chiyani chimenecho? Chafa n'chiyani?"

"Palibe chafa, madamu," anatero bamboyo m'Chingerezi. "Mapaipi anu ali bwinobwino. Ichi ndi chakudya. Ndipo chafika pake penipeni, lero ndiye tsiku lovuula."

Madamu anayang'ana ndowa, anayang'ana ine. Nkhope inafiira. "Iwe, si iwe unkathira nane mankhwala m'mapaipi? Tenga chinthu chimenechi ukataye kubini, pompano!"

Ndikanakhala wanzeru ndikanangonyamula n'kupepesa. Koma nditaganiza za chinangwa changa chili m'bini, ndi Lamulungu lina lakuti "perekani moni kwa a Foni," pakamwa panangotseguka pokha. Ndinawauza zonse, Chingerezi chikuthyokathyoka: za mtengo wa mango, za mwana amene akuitana mng'ono wanga kuti ama, za boti lochokera ku Usisya. Mpaka ndinalira ngati injini, tu-tu-tu, pamaso pa bwana wanga ndi bambo wachilendo, mamina ali chuchuchu.

Kenaka mapewa a madamu anayamba kugwedezeka kuseri kwa thawulo lija. Anakhala pa dengu la zochapa, kuseka mpaka magalasi kugwa pamutu. "Foni!" ankangobwereza. "Akukutcha Foni!" Atapuma anapukuta m'maso n'kunena kuti adzukulu awo ali kutsidya kwa nyanja, ndipo wamng'ono amaganiza kuti agogo ake amakhala m'kompyuta. "Chabwino. Koma kunja. Kuseri kwa galaja, kumene mphepo imapita kunyanja. Ndikachimvanso m'nyumba muno, iwe ndi ndowa yako mukwera basi imodzi."

Bambo wa ku Usisya anandinyamulira ndowa. Tili m'njira anandifunsa, "Koma mlongo, mavuto onsewa chifukwa chiyani? Simudziwa kuti ufa umabwera pa basi kuchokera kwathu? Akazi anga amagulitsa. Mukanangofunsa Mtonga aliyense."

"Ndikanamupeza kuti Mtongayo?"

"Kuno? Mukaponya mwala kumsika ugwera Mtonga. Wachiwiri ugwera mlamu wake."

Anati andibweretsere ufa mawa lake, koma ndinakana. Ndinali nditavutika nacho kale chinangwa changa, ndipo chinali changa. "Khama la ku Kande," anatero akupukusa mutu. Ndinamuyankha kuti a ku Usisya asamatinene, kwawo galimoto ikafika ana amathawa. Anaseka mpaka kutsamira khoma, ndipo ananena kuti pa Khisimisi masana adzabwera ndi akazi ake kudzanditenga, chifukwa anthu a kwathu kunyanja amene ali kumeneko amakumana tsiku limenelo.

Mtondo kunalibe. Ndinasinja chinangwa m'poto wamkulu ndi botolo la vinyo lopanda kanthu, n'kuchifinyira m'pilokesi yakale imene madamu anandipatsa. Thandala loyanikapo kunalibenso, ndiye ndinakwera makwerero n'kuyala nsalu padenga la galaja, miyala m'makona. Mphepo ya kumeneko ndi yamisala, imakuvula chitenje uli chiimire, koma pa ntchito iyi inandithandiza, pamodzi ndi dzuwa lija losalowa msanga. Vuto linali mbalame zoyera za kunyanja, zakuba ngati akhwangwala. Tsiku lonse lotsatira ndinkati ndikaika makeke mu uvuni, n'kuthamanga kukwera makwerero kukaziingitsa, n'kutsika kukaona makeke. Mlendo wina anandijambula ndili padenga ndi yunifolomu yanga, ndikukupiza thawulo. Sindidziwa kuti kwawo anakawauza kuti ndi mwambo wanji. Chitauma ndinachigaya m'makina ogayira zipatso, n'kusefa ndi sefa ya ufa wa makeke. Unatuluka ufa wongokwana mbale imodzi, wotuwa pang'ono, wonunkhira kwathu.

Pa Khisimisi tinagwira ntchito ngati abulu mpaka alendo anadya chakudya chawo chamasana. Mwayi wake nthawi ya kumeneko ndi ya kwathu ndi imodzi, ndipo kwathu mapemphero a Khisimisi satha msanga, makwaya onse amafuna aimbe, choncho chakudya chimachedwa. Bambo wa ku Usisya anafika ndi akazi ake, mayi wonenepa wansangala, amene asanandipatse n'komwe moni anandiika m'manja kapepala ka usipa wouma. Ndinaukazinga ndi tomato. Madzi atawira ndinaphula poto, kukhala pa sitepe ya kuseri kwa khitchini, kumupana potoyo ndi mapazi monga timachitira, n'kuthira ufa wonse. Mayi uja anaimirira pambali manja ali m'chiuno.

"Limbikirani dzanja, asisi, achita mibulu ameneyo. Kodi ku koleji anakuphunzitsani makeke okhaokha?"

Anatuluka bwino, wonyududuka, wokoka. Ndinaika foni pa sitepe, kuitsamiritsa ku botolo, n'kuimba.

Onse anali pansi pa mango, mvula itangokata kumene, masamba akudontha. Amayi ndi duku latsopano, mng'ono wanga atamangitsa tsitsi, bambo a mwana ali maso masana, chinthu chosowa. Ndipo pakati pa mphasa panali mwana wanga, malaya atsopano, pamimba ponse pali zakumwa zofiira, masaya onse ali mpunga. Mpunga! Ankaudya ndi manja awiri.

"Wayamba liti kudya mpunga?" ndinafunsa.

"Lero lomwe," anatero mng'ono wanga. "Waona anzake. Inu mukudya chiyani kumeneko, asisi? Tationetsani za azungu."

Ndinapendeketsa mbale. Anayandikira onse, kusuzumira. Bambo a mwana ndi amene anayamba.

"Kondowole? Mayi, pasipoti yonse ija, masiku onse aja pa basi, mwapita ku Joni kukadya kondowole pa Khisimisi? Akukuzunzani?"

"Mwana wanga, sakukupatsa chakudya?" anatero amayi, dzanja lili pachifuwa.

Maso anga anali pa mwana, amene sanatembenuke n'komwe. Mng'ono wanga anamugwira phewa, "Iwe, a Foni akuti Khisimisi yabwino." Iye anangokankha dzanjalo n'kupitiriza mpunga wake. Masabata onse aja, mankhwala m'mapaipi, mbalame padenga, ndipo munthu wake wasamukira ku mpunga. Ndinatsala pang'ono kuseka, ndinatsala pang'ono kudula foni. Mayi wa ku Usisya anandigunyuza ndi bondo kumsana.

Ndinatema kambamu, kukaumba, kukaviika mumsuzi wa usipa. Ndinakakweza m'mwamba.

"Tu-tu-tu-tu. Boti lachoka ku Usisya."

Mwana anasiya kutafuna.

"Tu-tu-tu, ladutsa pa Chintheche, mafunde, mafunde, tu-tu-tu."

Anatembenuka. Anaimirira, mpunga ukugwa pamalaya, n'kuyenda mpaka nkhope yake inadzaza foni yonse, mphuno yokha ndi maso.

"Lafika pa Kande. Tsegulani doko!"

Ndinangoona mdima wofiira ndi timano tinayi. Anayasamula kukamwa pagalasi penipeni, kudikira.

Pamenepo ndinazindikira chimene sindinachiganizire masabata onse aja: boti lili ku Joni, doko lili ku Kande. Ndimupatsa bwanji? Ndinakuwa, "Mupatseni kanthu, mupatseni msanga!" Kunamveka phokoso, foni inagwedezeka, kenaka ndinaona amayi akuvundukula kambale kamene anali atakabisa pansi pa nsalu kumbuyo kwawo. Kondowole. Pa Khisimisi.

"Musandiyang'ane," anatero. "Mpunga sugona m'mimba."

Mng'ono wanga anatema kambamu n'kukadutsitsa pansi pa foni, kulowa m'kamwa muja. Mwana anameza. Sanayang'ane dzanja limene lamupatsa. Anayang'ana ine, n'kumenya galasi ndi chikhatho.

"Ama! Boti!"

"Aa, ndiye ine ntchito yatha basi?" anatero mng'ono wanga. "Popanda ndi notisi yomwe?"

Maboti anayenda ambiri masana amenewo, ine ndikuyendetsa kuno, mng'ono wanga akukocheza uko. Ena anachokera ku Mpamba kumene kulibe n'komwe doko, mwana sanatsutse. Misozi inkangotsika, ine osaipukuta poti manja anali a kondowole. Ndipo foni inaduka pomwepo, bandulo ya mng'ono wanga itatha. Anandiuza pambuyo pake kuti chithunzi changa chinauma pagalasi kwa kanthawi: nkhope yonyowa, pakamwa potsegula, mbale ya kondowole pamiyendo, nditakhala pa sitepe kuseri kwa nyumba ya mzungu. Chimenecho ndicho amayi anaona komaliza, ndipo ndicho anapita nacho kwa azimayi a ku tchalitchi.

Chimene sanaone ndi ichi. Ndinasamba m'manja, kuvula yunifolomu, kumanga chitenje, n'kukwera galimoto ya mapaipi ija, ndowa yanga ili kumbuyo chifukwa madamu anati asadzaionenso. Tinafika pa kapinga wina m'mbali mwa nyanja, ndipo ndisanatsike ndinamva Chitonga chikuwira ngati pa msika wa Chintheche. Anthu a ku Bandawe, a ku Usisya, a ku Mpamba, ena oti agogo awo ndi agogo anga anabatizidwa tsiku limodzi. Bambo uja sanachedwe kuulutsa nkhani yanga, ndipo pofika madzulo aliyense ankanditcha "a mapaipi." Wina anagadabuza ndowa ija n'kuyamba kuiomba. Azimayi tinandanda mizere ya chilimika, gule wathu wa kumapeto kwa chaka, amene alibe mpango akukupiza kapepala kopukutira pakamwa. Azibambo a mimba zawo anayesa malipenga ndi mabotolo, kuguba mwaulemu ngati asilikali mpaka wina msana unagwira. Ndinavina kutsogolo. Ndinayambitsa nyimbo ineyo, amene kwathu ndimabisala kumzere wakumbuyo. Mapazi atatentha ndinathamangira m'nyanja yawo ija, n'kutulukamo ndikukuwa chifukwa madzi ake amaluma ngati singano.

Ndipo apa ndi pamene pali chinsinsi chenicheni. Masana onse aja sindinaganizeko za neti. Sindinaganize za chifuwa, za mango osatsuka, za mwana kutsetserekera kumadzi. Chibadwire mwanayo, linali tsiku loyamba kuti mutu wanga ukhale wopanda kanthu, wopepuka ngati wa mtsikana. Anali atanditcha ama, anali atakhuta, anali ndi anthu omukonda, ndipo ine ndinamuiwala kwa maola angapo n'kusangalala.

Mu Januwale nditatsika minibasi pa Kande anabisala kaye kuseri kwa chitenje cha mng'ono wanga, diso limodzi lili panja. Ndinagwada pafumbi, chikwama chili kumsana, n'kuyamba pansipansi, tu-tu-tu. Anatuluka. Anayenda mozungulira kuseri kwanga, kundigwira msana, kundigwira makutu, ngati akuona ngati tsopano ndabwera yense.

Panopa ali ku sukulu ya mkaka, ndipo boti amati ndi la makanda. Sabata yatha madamu anatumiza uthenga kudzera kwa abwana a pa loji, kufunsa ngati ndingapitenso Disembala akubwerayu. Akuti ufa adzagula okha kwa mayi wa ku Usisya, ndisadzayerekeze. Amayi atamva anati, "Ayi, mwana wanga asakavutikenso," ndipo ine ndinangoti, "Tiona, ama," mtima ukuvina chilimika m'kati. Madamu sindinawayankhebe. Ndiye ndikufunsa inu, makamaka amene munasiyapo mwana n'kukwera basi: kodi ndinalakwa kusangalala tsiku lija? Nanga amayi ndiwauze kuti mapemphero awo anayankhidwa asanawapemphere n'komwe, kapena ndisiye azimayi aja azindigwirabe paphewa pamjigo?